Kusankha tchati choyenera manambala anu ndi kuchijambula mosanamiza anthu

Nyengo ya malipoti ikafika, funso limakhala lomweli. Mlembi wa kopaletivu ku Katete ali ndi buku lodzaza matumba a chimanga, mphunzitsi ku Chadiza ali ndi zotsatira za mayeso a giredi 7, wophunzira wa pa koleji mu Chipata wamaliza kafukufuku wake, ndipo onsewa amafunsa kuti: manambala ndili nawo, nanga ndijambule tchati chanji? Ambiri amangotsegula pulogalamu ya pa kompyuta ya Excel n'kudina chimene chawakomera m'maso, makamaka chozungulira chija cha mitundumitundu, ndipo zinthu zimayambira pomwepo kusokonekera. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi ya aliyense, kaya mukujambula pa kompyuta, pa foni, kapena ndi lula pa pepala la manila.

1. Lembani chiganizo chimodzi musanagwire pensulo

Tchati chimayankha funso limodzi basi. Lembani pakapepala zimene mukufuna kuti munthu anene akangochiona, mwachitsanzo "Kalabu ya kumtunda inakolola soya wambiri kuposa ena onse", kapena "Mtengo wa chimanga umakwera kuyambira Novembala". Chiganizocho ndicho chimakusankhirani tchati.

Ngati mukuyerekeza zinthu zosiyana, monga masukulu, mbewu kapena midzi, mukufuna tchati cha mizati, chimene kusukulu amati bar chart. Ngati mukuonetsa kusintha kwa chinthu chimodzi m'kupita kwa nthawi, mukufuna galafu ya mzere. Ngati mukuonetsa mmene chinthu chimodzi chathunthu chagawikira, ndi ntchito ya tchati chozungulira, pie chart. Kufalikira kwa miyeso yambiri ya chinthu chimodzi kumafuna histogram, ndipo kufufuza ngati zinthu ziwiri zimayendera limodzi kumafuna galafu ya madontho, scatter graph.

Manambala akakhala awiri kapena atatu okha, alembeni m'chiganizo. Owerenga akamafuna nambala yeniyeni mpaka ngwee, monga pa ndalama za banki ya m'mudzi, apatseni tebulo. Tchati ndi choonetsera kukula ndi kusintha, si chowerengera ndalama.

2. Yeretsani manambala

Tchati chabwino sichingawongole manambala okhota. Onani zinayi izi.

Muyeso ukhale umodzi. Wina walemba matumba, wina matini, wina ngolo. Sandutsani zonse kukhala makilogalamu kapena matumba a 50 kg, ndipo munda ukhale m'mahekitala kapena m'malima. Lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, choncho malima 6 ndi hekitala 1.5.

Samalani ndi zinthu zimene zinasintha pakati pa zaka zimene mukuyerekeza. Mu Januwale 2013 kwacha ya Zambia inachotsedwa maziro atatu, K1,000 yakale n'kukhala K1. Mukaika mitengo ya 2012 ndi ya 2013 pa galafu imodzi osagawa yakaleyo ndi 1,000, mzere udzagwa ngati zinthu zinatchipa modabwitsa pamene palibe chimene chinatchipa. Malire a maboma nawonso anasintha. Chipangali ndi Kasenengwa anachokera m'boma la Chipata, Lumezi ndi Chasefu m'boma la Lundazi. Mukangotenga chiwerengero cha anthu a boma la Chipata pa kalembera wa 2010 n'kuchiika pambali pa cha 2022, mukuyerekeza malo awiri osiyana kukula. Muyenera kuphatikiza maboma atsopanowo kaye.

Dziwani nthawi yogwiritsa ntchito peresenti. Tiyerekeze kuti pa sukulu ina akhoza ana 60 mwa 120, pa ina 36 mwa 45. Mukajambula chiwerengero cha okhoza, yoyamba ioneka yopambana. Koma yoyambayo ndi 50 peresenti, yachiwiri 80 peresenti. Magulu akasiyana kukula, jambulani peresenti, ndipo lembani m'munsi kuti gulu lililonse linali ndi anthu angati.

Pomaliza, "palibe amene analemba" si chimodzimodzi ndi ziro. Mwezi umene buku linasowa muusiye opanda kanthu. Mukalemba 0 mukunena kuti mwezi umenewo kunalibe wodwala kapena sikunagwe mvula.

3. Tchati cha mizati

Ichi ndicho muyenera kuchiganizira choyamba, chifukwa diso la munthu limatha bwino kuyerekeza kutalika kwa zinthu zoima pamzere umodzi. William Playfair wa ku Scotland anayamba kusindikiza matchati otere mu 1786, ndipo mpaka lero amagwiritsidwa ntchito kwambiri poyerekeza zinthu.

Mizati ikhale yofanana m'lifupi, ndi mpata wofanana pakati pake, mpatawo pafupifupi theka la mzati. Isanjeni kuyambira wautali kufika waufupi, pokhapokha ngati zinthuzo zili kale ndi dongosolo lake, monga miyezi kapena magiredi. Mayina akakhala aatali, monga a makalabu a alimi, gonekani mizatiyo kuti mayina alembedwe kumanzere mowongoka. Munthu asachite kupendeketsa khosi kuti awerenge.

Mungaike mizati iwiri pamodzi, wa anyamata ndi wa atsikana pa sukulu iliyonse. Iwiri kapena itatu imawerengeka, isanu ndi chisokonezo. Palinso mzati wogawidwa, pamene mzati umodzi umadulidwa m'zigawo. Umaonetsa bwino kuchuluka kwa zonse pamodzi ndi chigawo cha pansi, koma zigawo za pakati n'zovuta kuyerekeza popeza siziyambira pamalo amodzi. Chimene mukufuna kuti anthu ayerekeze, chiikeni pansi penipeni.

4. Galafu ya mzere

Mayi aliyense amene amapita ndi mwana kusikelo amaidziwa galafu imeneyi. Pa kadi ya mwana, miyezi ya kubadwa ili m'munsi, makilogalamu ali m'mbali, ndipo azaumoyo amaika dontho mwezi uliwonse n'kulumikiza. Chimene amayang'ana kwambiri ndi kumene mzerewo ukulowera: ukukwera, waima, kapena ukutsika. Galafu ya mzere iliyonse ntchito yake ndi yomweyo.

Nthawi imakhala pa mzere wogona wa m'munsi mwa galafu, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Musalumikize ndi mzere zinthu zimene sizitsatana. Mzere wochoka pa Petauke kupita pa Nyimba n'kufika pa Mambwe ulibe tanthauzo, chifukwa pakati pa maboma awiri palibe kusintha kumene ukuonetsa. Pamenepo bwererani ku mizati.

Mipata ya nthawi ikhale yoona. Ngati muli ndi manambala a 2015, 2016 ndi 2022, mpata wa pakati pa 2016 ndi 2022 ukhale wotalika ka 6 kuposa woyambawo. Mukawayandikizitsa mofanana, kukwera kwa pang'onopang'ono kwa zaka 6 kumaoneka ngati kunachitika chaka chimodzi.

Kuno kwathu chaka cha ulimi sichiyamba mu Januwale. Mvula imayamba chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala n'kutha cha mu Epulo. Galafu yoyambira Januwale imadula dzinja limodzi pakati, theka kumanzere, theka la dzinja lina kumanja. Pa mvula, malungo ndi mitengo ya chimanga, yambirani mu Julayi kapena Okutobala kuti nyengo yonse ioneke pamodzi. Mvula yokhayo ijambuleni ndi mizati, popeza ndi yowunjikana ya mwezi wonse, ndipo kutentha kukhale mzere.

Mizere isapitirire inayi pa galafu imodzi, ndipo dzina la mzere uliwonse lilembedwe kumapeto kwake.

5. Tchati chozungulira

Anthu amachikonda kuposa mmene chimathandizira. Chigwiritseni ntchito zinthu zitatu izi zikakwanira: zigawo zonse ndi za chinthu chimodzi ndipo zikaphatikizidwa zikwana 100 peresenti, zigawozo sizipitirira zisanu, ndipo zikusiyana kukula moonekeratu. Zigawo za 24 ndi 27 peresenti diso silingazisiyanitse pa bwalo, pamene pa mizati zimaoneka msanga.

Cholakwa chofala kwambiri chili m'malipoti a kafukufuku. Mwafunsa alimi kuti amalima mbewu ziti, ndipo aliyense watchula chimanga, nsawawa ndi soya. Mlimi mmodzi wawerengedwa katatu, maperesenti apitirira 100, ndipo bwalo silingawanyamule. Funso lililonse lolola mayankho angapo limafuna mizati.

Pojambula pamanja mufunika kampasi ndi pulotilakita. Bwalo lili ndi madigiri 360, choncho peresenti imodzi ndi madigiri 3.6. Tiyerekeze kuti kalabu yagwiritsa ntchito K20,000: feteleza K9,000, mbewu K5,000, mayendedwe K4,000, matumba K2,000. Maperesenti ake ndi 45, 25, 20 ndi 10, ndipo madigiri ndi 162, 90, 72 ndi 36. Phatikizani musanajambule, akwane 360. Yambirani pamwamba pa bwalo ndi chigawo chachikulu, n'kumazungulira kumene wotchi imalowera. Ndipo musaike mabwalo awiri pafupi kuti anthu ayerekeze chaka chino ndi chatha. Mizati iwiriiwiri imachita zimenezo bwino.

6. Histogram, madontho ndi mapu

Histogram imafanana ndi mizati koma funso lake ndi lina. Makalasi awiri angakhale ndi avereji yofanana ya 50, pamene m'kalasi imodzi ana onse ali pakati pa 40 ndi 60, ndipo m'kalasi inayo theka lapeza za m'ma 20, theka za m'ma 80. Avereji imabisa zimenezi, histogram imaziulula, ndipo mphunzitsi amadziwa kuti kalasi yachiwiriyo ili ndi gulu lotsalira. Gawani mamakisi m'magulu ofanana kukula, 0 mpaka 9, 10 mpaka 19, kumapitirira choncho, n'kuwerenga ana a m'gulu lililonse. Musalembe 0 mpaka 10 kenako 10 mpaka 20, chifukwa wopeza 10 alowa kuwiri. Mizati yake imakhudzana, palibe mpata. Magulu 5 mpaka 10 ndi okwanira.

Pa galafu ya madontho, dontho lililonse ndi munthu kapena munda umodzi. Feteleza amene anathira pa lima akhale pa mzere wogona, zokolola za pa lima pa mzere woimirira wa m'mbali. Madontho akamakwera kulowera kumanja, ziwirizi zikuyendera limodzi. Onetsetsani kuti zonse mwaziwerengera pa lima, apo ayi galafu ingokuuzani kuti wa munda waukulu amagula feteleza wambiri ndipo amakolola zambiri, zimene aliyense akudziwa kale. Ndipo kuyendera limodzi si umboni woti china chikuyambitsa chinzake. Amene amakwanitsa feteleza nthawi zambiri ndi yemweyo ali ndi ng'ombe zolimira, amabzala msanga ndi kupalira pa nthawi yake.

Funso likakhala lakuti "kuti?", jambulani mapu. Mu 1854 dokotala John Snow anaika pa mapu malo amene anthu anafa ndi kolera m'dera lina la London, ndipo zinaoneka kuti imfazo zinaunjikana pafupi ndi mpope umodzi wa madzi. Odzipereka a zaumoyo angachite chimodzimodzi ndi mapu a mudzi ojambula pamanja, zitsime ndi nyumba za odwala m'mimba.

7. Sikelo: apa ndi pamene ambiri amagwera

Sikelo ya tchati ndiyo imanena kuti sentimita imodzi papepala ikuimira zingati. Malangizo ambiri amangoti "sankhani sikelo yoyenera" n'kupitirira, pomwe apa ndi pamene pagona kuona kapena kunama kwa tchati chonse. Chitani motere.

Pezani nambala yaikulu kwambiri. Tinene kuti ndi matumba 340. Yezani malo amene muli nawo kuchokera pansi kufika pamwamba, mutachotsa malo a mutu ndi a mayina. Tinene kuti ndi masentimita 18. Gawani 340 ndi 18, mupeza 18.9. Musagwiritse ntchito nambala imeneyo. Ikwezeni kufika pa nambala yosavuta yotsatira, ndipo nambala zosavuta ndi 1, 2, 5, 10, 20, 50, 100, kumapitirira choncho. Apa ndi 20. Sentimita iliyonse ikuimira matumba 20, ndipo mzere woimirira uthera pa 360. Tsopano mzati uliwonse mumaupeza pogawa ndi 20: matumba 340 ndi masentimita 17, matumba 250 ndi 12.5, matumba 130 ndi 6.5. Mukanasankha 19, matumba 130 akanakhala masentimita 6.84, muyeso umene simungaugwire bwino ndi lula, ndipo wowerenga sakanatha kubwezera mzati ku nambala yake. Pewaninso 3, 7 ndi 9. Nthawi zonse kwezani, musatsitse, chifukwa mukatsitsa mzati wautali utuluka papepala.

Manambala a m'mbali alembedwe modumpha mofanana: 0, 100, 200, 300. Ena amakopera manambala a m'tebulo mwawo n'kuwandandalika m'mbali, 130, 250, 340, pa mipata yofanana. Pamenepo palibenso sikelo, ndipo chithunzicho chilibe chimene chikuyeza.

Tsopano lamulo limene sindilolera kuti liphwanyidwe: mizati iyambire pa ziro. Taonani chifukwa chake. Kalabu ina yakolola matumba 320, ina 340, kusiyana kwa pafupifupi 6 peresenti. Mukayambira sikelo pa 300, mzati woyamba uimira 20 yokha, wachiwiri 40, ndipo wachiwiriwo utalika kawiri. Pamsonkhano anthu sawerenga timanambala ta m'mbali, amaona kutalika, ndipo apita kwawo akunena kuti anzawo anakolola kawiri. Mphoto, ngongole ya mbewu ngakhale mbiri ya munthu zimagamulidwa pa zithunzi zotere. Ngati kusiyana kuli kochepa, tchati chionetse kuti n'kochepa, ndipo nambala zenizeni muzilembe pamwamba pa mizati.

Galafu ya mzere ndiyo ingayambire pena, chifukwa diso limatsata kumene mzere ukulowera osati kutalika kwake kuchokera pansi. Kutentha kwa thupi la wodwala sikungajambulidwe kuyambira pa ziro, kusintha kwa digiri imodzi kungasowe. Koma mukatero, nambala yoyambira ilembedwe moonekera. Samalaninso maonekedwe a galafuyo: yaitali ndi yopapatiza imachititsa kukwera pang'ono kuoneka koopsa, yotambalala ndi yaifupi imabisa kukwera kwenikweni. Ikhale yotambalala pang'ono kuposa kutalika kwake.

Nanga nambala imodzi ikaposa zonse kutali, chimanga matumba 340 pamene mpendadzuwa ndi 12? Musadule mzati wa chimanga pakati kuti enawo aoneke. Usiyeni utalike, mpendadzuwa ukhale kamzati kakafupi ndi nambala yake pamwamba, chifukwa zoona zake ndi zimenezo. Mukafuna kuti mbewu zing'onozing'ono ziyerekezedwe zokhazokha, zijambulireni tchati chachiwiri ndipo mulembe kuti chimanga sichilipo.

Matchati awiri oti ayerekezedwe, monga a nyengo ziwiri zaulimi, akhale ndi sikelo imodzi. Ndipo pewani kuika masikelo awiri pa galafu imodzi, wina kumanzere wina kumanja. Mukasintha umodzi pang'ono, mizere iwiri yosagwirizana ingaoneke ngati ikuyenda limodzi. Jambulani magalafu awiri, wina pamwamba pa mnzake, miyezi yake ili moyang'anizana.

Pamsonkhano wa kumudzi, kumene ena sawerenga manambala, tchati cha zithunzi chimathandiza kwambiri. Kathumba kamodzi kojambula kaimire matumba 50, ndiye kuti 250 ndi timatumba tisanu, 125 ndi tiwiri ndi theka. Zithunzi zonse zikhale zofanana kukula. Musajambule thumba limodzi lalikulu poimira zokolola zowirikiza, chifukwa mukawirikiza kutalika ndi m'lifupi momwe, chithunzicho chimakula kanayi.

8. Mutu ndi mayina

Chiganizo chija cha pa sitepe 1 ndicho chikhale mutu. "Odwala malungo amachuluka m'miyezi ya mvula" ndi mutu wothandiza kuposa "Galafu ya malungo". Pansi pake lembani malo ndi nyengo. Mzere woimirira ndi wogona ukhale ndi dzina ndi muyeso wake: matumba a 50 kg, mamilimita, kwacha. M'munsi mwenimweni nenani kumene manambala achokera, kaya ndi buku la kalabu, kaundula wa sukulu kapena Zambia Statistics Agency.

9. Mukamagwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets

Mayina akhale m'ndime yoyamba yotsika ya timabokosi (column), manambala m'ndime yachiwiri, opanda K kapena kg m'kabokosi ka nambala. Mukalemba "K250", kompyuta imaona ngati ndi mawu ndipo mzati sutuluka. Sankhani tebulo lonse, pitani pa Insert, n'kusankha mtundu umene mwaganiza kale.

Mu Excel yang'anani zinthu zitatu. Manambala akayandikana, imatha kuyambira sikelo pamene yafuna yokha. Dinani kumanja kwa mausi pa manambala a m'mbali, sankhani Format Axis, ndipo pa Minimum lembani 0. Chachiwiri, nthawi zina imatenga zaka ngati manambala oti ijambule, n'kukupatsani mzere wina wosafunika cha m'ma 2000. Fufutani mawu a pamwamba pa ndime ya zakayo n'kujambulanso. Chachitatu, mtundu wa Line umaika zaka pa mipata yofanana ngakhale zitadumphana, choncho zaka zikakhala zodumphadumpha sankhani Scatter ya mizere. Za 3-D zisiyeni, zimakulitsa chigawo cha kutsogolo ndi kuchepetsa cha kumbuyo.

10. Yesani tchati musanachipereke

Malipoti ambiri amathera pa makina a fotokope akuda ndi oyera, ndipo chofiira ndi chobiriwira zimatuluka zotuwa mofanana. Siyanitsani ndi mtundu wakuda kwambiri ndi wowala, kapena ndi timizere topendeka ndi timadontho. Zimenezi zimathandizanso anthu amene maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Ngati chikupita pa WhatsApp, dzitumizireni nokha kaye muone ngati zilembo zikuwerengeka pa foni popanda kukulitsa. Cha pa manila chikolekeni pakhoma, muime kumene adzakhale a kumbuyo, ndipo zilembo zikavuta zilembeninso ndi maka yonenepa.

Kenako chionetseni kwa munthu amene sanaone manambalawo, osamufotokozera kanthu, ndipo mumufunse kuti chikunena chiyani. Yerekezani yankho lake ndi kapepala kanu ka pa sitepe 1. Zikasiyana, yang'anani mtundu wa tchati choyamba, kenako sikelo, kenako mutu, ndipo mukakonza mukachiyesenso pa munthu wina watsopano.